Mpikisano wowombera chandamale mwaulenje: zida zake ndi kakonzekeredwe kake kuno ku Mangochi

Mpikisano umenewu ulibe magazi. Nyama zake n'zachitsulo: kalulu, gologolo, khwangwala, khoswe, zodulidwa pa chitsulo chophwatalala, ndipo pachifuwa pa iliyonse pali kabowo. Chipolopolo chikalowa pakabowopo chimamenya kachitsulo kobisika kumbuyo, nyama ija n'kugwa chagada. Timati mwaulenje chifukwa wowombera sauzidwa kuti chandamale chili patali bwanji, alibe tebulo lotsamirapo, ndipo chandamale chilichonse amachiwombera kamodzi kokha, monga zimakhalira kutchire. Ku Britain, komwe masewerawa anakhwimira, amawatcha Hunter Field Target ndipo amagwiritsa ntchito mfuti za mpweya. Zandamale zimakhala 30, pa mitunda yoyambira mayadi 8 kufika mayadi 45, kutanthauza mamita 7 mpaka 41. Mukagwetsa nyama mwapeza mapointi 2, mukamenya thupi lake koma osagwa mwapeza 1, mukaphonya mulibe kanthu. Wogwetsa zonse amafika 60.

Ulipo mtundu wina umene unayambira ku Mexico, wogwetsa nyama yonse yachitsulo utaimirira. Ndi mfuti ya wonga ya .22, nkhuku zimaikidwa pa mamita 40, nkhumba pa 60, nkhukutembo pa 77, nkhosa pa 100. Ndi wokoma, koma chipolopolo cha .22 chimatha kuuluka kupitirira kilomita imodzi ndi theka, ndipo malo otere, opanda munda, mudzi kapena njira ya anthu, ndi ovuta kuwapeza m'boma lodzaza anthu ngati lathuli. N'chifukwa chake malangizo ano akhazikika pa mfuti ya mpweya.

Yambirani ku polisi, kenako kwa amfumu

Musanatulutse ndalama iliyonse, pitani ku polisi mukafotokoze mtundu wa mfuti imene mukufuna, mphamvu yake, ndi chimene mukufuna kuchita nayo. Mfuti m'Malawi muno zimayendetsedwa ndi lamulo la Firearms Act, ndipo apolisi ndi amene angakuuzeni ziphaso zofunika pa kugula, kulowetsa m'dziko, kusunga ndi kunyamula. Musadalire zonena za wogulitsa. Mfuti zopanga kumudzi, zija za gogodera, zilibe malo pa masewerawa.

Chachiwiri, chilolezo cha mfuti si chilolezo chosaka nyama. Tazunguliridwa ndi malo otetezedwa: Lake Malawi National Park ku Cape Maclear, imene inakhazikitsidwa mu 1980, nkhalango za Namizimu ndi Mangochi Forest Reserve, ndi Liwonde National Park kummwera kwathu. Kupezeka ndi mfuti m'malo amenewa ndi mlandu, ndipo lamulo loteteza nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017 mpaka zilango zina kufika zaka 30 kundende. Bwalo lanu likhale kutali ndi malire awo. Mbalame yamoyo ikatera pafupi ndi chandamale, mpikisano umaima mpaka iuluke.

Malo mukawapeza, kagwadeni kwa amfumu ndi eni munda. Iwo ndi amene amadziwa kanjira kachidule ka amayi opita kudambo ndi nthawi imene ana amadutsa ndi mbuzi. Tsiku lake musankhe Loweruka m'mawa. Lachisanu abale athu ambiri amakhala ku mzikiti, Lamulungu ena ku tchalitchi.

Malo owombera

Funani malo a mamita osachepera 50 kutsogolo, okhala ndi phiri, khoma la dothi kapena chulu chachikulu kumbuyo kwa zandamale. Ngati palibe, unjikani matumba a mchenga, mizere iwiri, kutalika kupitirira chandamale ndi mkono wathunthu mbali zonse. Kumbuyo kwa chotchingacho kukhalenso kopanda nyumba kapena njira, pakuti chipolopolo cha mfuti ya mpweya chikapita m'mwamba chimatha kukagwa kupitirira mamita 300.

Musawombere molunjika kunyanja, ku Malombe kapena ku Shire. Anthu amaganiza kuti madzi amameza chipolopolo, koma chikafika mopendekera chimadumpha pamwamba pa madzi ngati mwala wophwatalala woponyedwa ndi mwana, ndipo kutsogoloko kuli asodzi m'mabwato ndi anthu ochapa. Miyala nayo imabweza zipolopolo, choncho thanthwe si chotchinga chabwino pokhapokha mutaliphimba ndi dothi.

Kokani chingwe chimodzi chosonyeza mzere wowombera. Chandamale chilichonse chikhale ndi chikhomo chake chokhomedwa pansi pamzerewo, ndipo powombera, mbali ina ya thupi kapena ya mfuti iyenera kukhudza chikhomocho. Pamene anthu adzagone chafufumimba palimidwe bwino, muchotse minga ndi chitedze, mutembenuze miyala kuona zinkhanira.

Zandamale angathe kukupangirani wowotcherera aliyense waluso mutamupatsa chitsanzo chimodzi. Thupi la nyama likhale la chitsulo cha mamilimita 3 kapena kuposerapo, pakuti lata wofolera amapindika ndi kuboka tsiku lomwelo. Timabowo tikhale tosiyanasiyana: mamilimita 15, 20, 25 ndi 40. Kabowo ka 15 musakaike kupitirira mamita 23, ndipo mtunda wa mamita 41 usiyireni bowo la 40. Chandamale chikhomeredwe mwamphamvu pathabwa kapena pachikhomo chachitsulo, chitaima chilili. Chikapendekera kutsogolo chimakana kugwa ngakhale mwalasa bwino, chikapendekera kumbuyo chimagwa ndi chipolopolo chongomenya thupi, ndipo mikangano yambiri ya pa mpikisano imachokera pomwepa. Mangani chingwe chodzutsira chofika pachikhomo kuti pasakhale wopita kutsogolo kukadzutsa nyama ndi manja.

Mfuti: ya sipuling'i kapena ya silinda

Malire a mphamvu pa masewerawa ndi 12 ft-lb, pafupifupi majulo 16. Mfuti yoposa apa imaphwanya zandamale ndipo siloledwa. Kukula kwa chipolopolo kulipo kuwiri kodziwika, .177 chimene ndi mamilimita 4.5, ndi .22 chimene ndi mamilimita 5.5. Pa mphamvu yofanana, .177 imathamanga kwambiri, njira yake sipindika msanga, ndipo imalowa mosavuta pa kabowo kakang'ono. Woyamba atenge .177.

Mfuti ya sipuling'i, yothyola mpope kapena yokoka chitsulo cham'munsi, ndi imene ikugwirizana ndi moyo wa kuno. Sifuna pampu kapena silinda, ndipo mbali zake zowonongeka ndi zochepa. Koma ili ndi khalidwe lake. Mukakoka thiriga, kachitsulo kowombera ndi chala, pisitoni imathamangira kutsogolo, mfuti imagwedezeka chipolopolo chisanatuluke mumpope. Mukaikumbatira mwamphamvu lero, mawa mofewa, zipolopolo zidzagwera malo osiyana. Igonekeni pachikhatho chotambasula, pamalo amodzimodzi nthawi zonse, paphewa ingokhudza, muilole igwedezeke mwa iyo yokha. Musaitsamiritse pamtengo kapena pamwala mwachindunji, pakati pakhale dzanja. Poika chipolopolo, dzanja limodzi ligwire mpope wothyoledwawo osausiya, chifukwa ukafwamphuka wokha umathyola zala ndi kupinda mpope. Musaiwombe yopanda chipolopolo, pisitoni imakamenya chitsulo popanda mpweya woibweza. Ndipo musathire mafuta m'chipinda cha mpweya: amayaka ndi kupanikizika, mfuti imalira ngati ya wonga, imatulutsa utsi, ndipo labala wa pisitoni amapsa.

Mfuti ya silinda, imene amaitcha PCP, sigwedezeka ndipo ndi yosavuta kulasa nayo. Mtengo wake ndi wokwera, ndipo imafuna mpweya wopanikizidwa, zambiri pafupifupi mabaa 200 (baa ndi muyezo wa kupanikizika kwa mpweya). Onani nambala yolembedwa pa mfuti yanu, musaipitirire. Mungadzaze ndi pampu yamanja yopangidwira ntchitoyi, kapena kuchokera mu silinda ngati ya anthu osambira pansi pa madzi. Ndi pampu, popani pang'onopang'ono ndi kupumira, pakuti ikatentha imawononga malabala ake, ndipo mpweya wachinyontho wa m'mbali mwa nyanja umalowetsa madzi mu silinda ngati pampuyo ilibe sefa youmitsa. Dzimbiri la m'kati mwa silinda silioneka kunja. Pali zinthu ziwiri zimene zimapha munthu: kudzaza ndi okosijeni wa owotcherera kapena wa kuchipatala, ndi kupaka mafuta a galimoto kapena girisi wamba pa zolumikizira za mpweya. Zonse ziwiri zimaphulitsa. Pa malabala pamafunika girisi wa silikoni yekha.

Kutentha kwa kuno kuli ndi mbali yake. Silinda yodzazidwa mabaa 200 m'mawa kozizira madigiri 20, ikasiyidwa m'galimoto yotseka mpaka kufika madigiri 60, imakwera kufika pafupifupi mabaa 227. Mu Okutobala ndi Novembala zimenezi zimachitika msanga. Mfuti ikhale pamthunzi, m'chikwama chake.

Zipolopolo

Apa ndi pamene ambiri amataya mapointi asanafike n'kubwalo komwe. Gulani zipolopolo zamtovu za mutu wobulungira. Zosongoka zimaoneka zaukali koma zimabalalika patali, ndipo za mutu wophwatalala zimataya liwiro zikapitirira mamita 20. Kulemera kozolowereka pa .177 ndi magireni 8.4, kungopitirira pang'ono theka la galamu, ndipo pa mphamvu yololedwa zimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 240 pa sekondi.

Mpope uliwonse uli ndi zipolopolo zimene umakonda. Pezani mitundu itatu kapena inayi, muwombere zisanu zisanu papepala pa mamita 30 tsiku lopanda mphepo, mutatsamira bwino. Posintha mtundu, wombani khumi zotaya kaye kuti mpope uzolowere mtovu watsopano. Mtundu umene waunjika zipolopolo pamodzi kwambiri ndi wanu, ndipo mugule zitini zingapo nthawi imodzi popeza kuno sizipezeka pafupi. Mukasintha mtundu, zonse zimene munayeza zafa, muyambirenso. Chipolopolo chopindika siketi yake, mbali yakumbuyo yotambasuka ija, kapena chimene chagwera mumchenga, chitayeni. Mchenga umakanda mpope.

Mtovu ndi poizoni. Musagwirizire zipolopolo pakamwa, ndipo musambe m'manja ndi sopo musanagwire nsima. Ana asatole zipolopolo zophwanyika pansi pa zandamale.

Sikopu ndi kuilunjika

Lamulo lalikulu la masewerawa ndi lakuti mukawomba chipolopolo choyamba, sikopu, chipangizo chamagalasi choyang'anira chandamale chomangidwa pamwamba pa mfuti, simuikhudzanso mpaka mpikisano utatha. Choncho sikopu yokuza kwambiri ilibe phindu. Yokuza ka 10, ya galasi lakutsogolo la mamilimita 32 mpaka 40, yokhala ndi timadontho pamizere yake, ndi yokwanira. Galasi laling'ono limaonetsa bwino zapafupi ndi zapatali pomwe, pamene lalikulu limachititsa chimbuuzi mbali imodzi. Ngati mfuti ndi ya sipuling'i, funsani sikopu yopirira mfuti zotere, chifukwa kugwedezeka kwake kopita kumbuyo ndi kutsogolo kumathyola ngakhale masikopu opangidwira mfuti zazikulu. Zomangira zake zikhale ndi kachitsulo kolowa m'bowo la pamwamba pa mfuti, apo ayi sikopu imasendera kumbuyo pang'onopang'ono inu osadziwa.

Musanayambe kulunjika, mangani masikuluwu onse, a sikopu ndi olumikiza chitsulo cha mfuti ku thabwa lake. Mfuti imene dzulo imalasa lero n'kumabalalitsa, kawirikawiri vuto ndi sikuluwu yomasuka. Kenako ikani chowongolera chimbuuzi, chija amati parallax, pa mamita 23 mpaka 25 ndi kuchisiya pomwepo.

Yambani pa mamita 10 ndi katoni yaikulu kuti muone kumene zipolopolo zikugwera. Zikafika pafupi ndi pakati, sunthirani katoniyo pa mamita 32. Wombani zitatu musanatembenuze kanthu, ndipo muwongole potengera pakati pa zitatuzo, osathamangitsa chipolopolo chimodzi chimodzi. Masikopu ambiri olembedwa 1/4 MOA amasuntha mamilimita 7 pa mamita 100 mukatembenuza chowongolera chake n'kudina kamodzi, kutanthauza kungopitirira mamilimita 2 pa mamita 32. Ngati zipolopolo zagwa masentimita 2 kumanzere, mukufunika kudina kasanu ndi kanayi kupita kumanja.

Tsopano ntchito yeniyeni, imene imasiyanitsa opambana ndi ongobwera. Tengani tepi yoyezera ndi kabuku. Ikani pepala pa mamita 7, 10, 13, 18, 23, 28, 32, 36 ndi 41, ndipo paliponse wombani zisanu mutalunjika pakati penipeni, mulembe kumene zagwera. Ndi .177 ya liwiro tatchula lija ndi sikopu yokwera mamilimita 45 pamwamba pa mpope, mudzaona zofanana ndi izi: pa mamita 7 chipolopolo chimagwa pansi ndi sentimita imodzi ndi theka kapena kuposa, chifukwa mpope uli m'munsi mwa sikopu ndipo chipolopolo sichinakwere. Cha pa mamita 13 kapena 14 chimadutsa pakati. Pa 23 chili pamwamba ndi pafupifupi sentimita imodzi. Pa 32 chabwereranso pakati, ndipo pa 41 chatsika masentimita atatu. Mfuti yanu idzasiyana pang'ono, n'chifukwa chake kabuku ka mnzanu sikangakuthandizeni. Pa mtunda uliwonse lembani dontho la mu sikopu limene likugwirizana nawo, mujambule pakakhadi, mukamate pathabwa la mfuti. Oyamba ambiri amaphonya chandamale cha pafupi kwambiri, cha mamita 7, chifukwa mutu umakana kukhulupirira kuti chinthu chapafupi chonchi n'kulunjika pamwamba pake.

Kudziwa mtunda popanda tepi

Makina oyezera mtunda saloledwa, koma sikopu yanu imayeza. Pa sikopu ya timadontho ija, imene amaitcha mil-dot, mpata wa pakati pa madontho awiri umaphimba sentimita imodzi pa mamita 10, masentimita 4 pa mamita 40. Ndiye gawani kukula kwa bowo m'mamilimita ndi chiwerengero cha mipata imene ladzaza. Bowo la mamilimita 40 likadzaza mpata umodzi lili pa mamita 40, likadzaza iwiri lili pa 20. La mamilimita 25 lodzaza mpata umodzi lili pa mamita 25. Pa masikopu ambiri osintha kukuza, masamuwa amagwira pa nambala imodzi yokha, kawirikawiri 10, choncho yesani ndi rula pa mamita 10 kuti mutsimikize.

Chimbuuzi nachonso chimalankhula. Popeza munaika sikopu pa mamita 23 mpaka 25, chandamale chooneka mbee chili chapomwepo, chachimbuuzi kwambiri chili pafupi zedi kapena kumapeto. Zolowetsani diso kuona kusiyana kwa mamita 36 ndi 41, pakuti pamenepo chipolopolo chikutsika msanga ndipo kulakwitsa ndi mamita atatu kumakugwetserani m'mphepete mwa bowo. Okonza bwalo amadziwa kunamiza maso: chandamale cha mumthunzi wa mtengo chimaoneka patali, cha tsidya la chigwembe chimaoneka pafupi.

Mphepo

Aliyense wa kunyanja amaudziwa mwera, umene umawomba kuchokera kummwera m'miyezi yozizira, makamaka Juni mpaka Ogasiti, ndi mpoto umene umabwera ndi nyengo ya mvula. Kachipolopolo ka theka la galamu sikalimbana ndi mphepo. Ya makilomita 16 pa ola, yodutsa chopingasa, imakankha .177 masentimita 7 kapena 8 pa mamita 41, pamene bowo lalikulu ndi masentimita 4 okha. Pa theka la mtundawo kukankhako sikukhala theka, kumachepa kufika pafupifupi gawo limodzi mwa anayi.

Musangomva mphepo ya pankhope panu. Onani udzu wa pakati pa njira, masamba a pafupi ndi chandamale, ndi fumbi. Nyamulani chingwe chodzutsira chija pang'ono kuti chilendewere, mudzaona mbali imene chikukokedwa. Onaninso zipsera za anzanu pathupi la nyama: ngati zaunjikana kumanzere kwa bowo, mphepo inawanamiza, inu lunjikani kumanja. Mphepo ikakhala yosadziwika bwino, lunjikani m'kati mwa bowo koma m'mphepete mwa mbali imene ikuchokera. Dzuwa likakwera, mpweya wotentha wochokera pamchenga umavinitsa chandamale mu sikopu, ndiye kuyamba 7 koloko kuti pofika 11 mwatha n'kwanzeru.

Kagonedwe, mpweya ndi chala

Zandamale zambiri mumawombera chogona chafufumimba pamphasa kapena kasaka, dzanja lakutsogolo litagwira chikhomo, mfuti itagona padzanjapo. Zingapo okonza amalamula kuti muwombere chogwada kapena choimirira. Pogwada, chigongono chikhale pabondo, osati fupa pafupa chifukwa chimaterereka, koma mnofu wa kuseri kwa chigongono. Poimirira, mapazi atalikirane ngati mapewa, chigongono chitsamire m'nthiti, mafupa anyamule mfuti m'malo mwa minofu.

Musanawombe, tsinzinani, pumani kawiri, tsegulani maso. Ngati mizere ya sikopu yachoka pachandamale, sunthani thupi lonse, musakoke mfuti ndi manja. Tsaya likhale pamalo amodzi nthawi zonse, chifukwa diso likasuntha kumbuyo kwa sikopu chipolopolo chimasunthanso, makamaka pa mitunda ija yachimbuuzi. Musapendeketse mfuti, pakuti ikapendekera kumanja chipolopolo chimapita kumanja ndi pansi. Tulutsani mpweya theka, imani, finyani thiriga ndi nsonga ya chala molunjika kumbuyo mpaka mfuti ilire yokha. Mukadutsa masekondi asanu ndi atatu musanawombe, maso ayamba kuda ndipo manja ayamba kunjenjemera, ndiye tsitsani, pumani, muyambirenso. Ikalira musadzutse mutu msanga kufuna kuona. Khalani mu sikopu mpaka nyama itagwa.

Tsiku la mpikisano

Sankhani woyang'anira bwalo mmodzi wokhala ndi wenzulo, amene mawu ake satsutsidwa. Wenzulo ikalira kamodzi, aliyense aleke, amene waika kale chipolopolo awombere pansi kutsogolo kwa mzere, mfuti ziloze pansi. Ikalira kawiri, mpikisano upitirire. Aliyense amene waona munthu kapena chiweto kutsogolo ali ndi ufulu wokuwa kuti aleke, ngakhale mwana. Ikani mbendera zofiira ndi munthu pa njira iliyonse yolowera.

Yendani awiriawiri kapena atatuatatu, wina akuwombera, mnzake akulemba mapointi. Chipolopolo chimalowa mumfuti pokhapokha mwafika pachikhomo ndipo mpope waloza kuzandamale. Pochoka pachikhomo china kupita china mfuti ikhale yopanda kanthu, yoloza pansi kapena m'chikwama. Chala chisalowe pa thiriga mpaka chandamale chili mu sikopu. Magalasi oteteza maso avalidwe ndi onse, owonerera omwe, chifukwa zidutswa za mtovu zimabwerera kuchokera pa zandamale zapafupi. Womwa mowa sagwira mfuti tsiku limenelo. Ngati gulu lili ndi makina oyezera liwiro la chipolopolo, mfuti iliyonse iyezedwe isanalowe. Opikisana agawidwe, a sipuling'i paokha, a silinda paokha, achinyamata paokha ndipo aliyense ali ndi wamkulu pambali pake.

Mukatha, pukutani zitsulo zonse za mfuti ndi kansalu ka mafuta pang'ono tsiku lomwelo. Thukuta la kuno ndi chinyontho cha kunyanja zimabala dzimbiri usiku umodzi, ndipo chikwama cha siponji chimasunga chinyonthocho, choncho kunyumba mfuti ituluke m'chikwama, ikhale mu kabati yokhoma, zipolopolo pena, makiyi kutali ndi ana. M'kati mwa mpope simufuna kutsuka kawirikawiri. Dikirani mpaka zipolopolo zitayamba kubalalika popanda chifukwa china, ndiye kokani kansalu kouma ndi chingwe cha nayiloni kuchokera kumbuyo kupita kukamwa kwa mpope, osalowetsa waya. Mukatero wombani khumi kapena makumi awiri papepala musanakhulupirirenso kakhadi kanu.